Uta wa vayolini ukamanjenjemera pagulu: zoyenera kuchita

Kunyumba nyimbo imayenda bwinobwino. Koma mukangoima pamaso pa anthu, kaya ndi m'tchalitchi, pa ukwati kapena m'chipinda cha mayeso, uta umayamba kudumphadumpha pa nsambo, mawu amene amayenera kutuluka aatali ndi osalala n'kumatuluka odukaduka. Ndipo zimakonda kugwera pamalo ovuta: pa noti yoyamba, yaitali, yofunika kuiliza motsitsa, anthu onse ali chete.

Ambiri zikatero amalimbana ndi manjenjewo. Amaufinya utawo kuti ukhale bata, n'kuunyamulako pang'ono kuti phokoso loipalo lisamveke. Zinthu ziwirizi ndi zimene zimakulitsa vutolo. Manjenje a m'dzanja simungawathetse onse, ndipo sikofunika kutero. Ntchito yanu ndi kuwatsekera njira kuti asafike pa nsambo, ndipo njirayo imatsekeka kulemera kwa mkono kukakhazikika pa nsambo zala zili zofewa.

Nkofunika kudziwa chimene chikuchitika m'thupi. Likaona ngati pali choopsa, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira adrenalini m'magazi. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, zikhato zimanyowa, minofu imakungika. Dzanja la munthu aliyense limanjenjemera pang'ono nthawi zonse, maulendo 8 mpaka 12 pa sekondi, koma mosaoneka ndi maso. Adrenalini amangokuza zimene zilipo kale. Tsono uta ndi ndodo yotalika pafupifupi masentimita 75, yolemera magalamu 60 okha, ndipo inu mwaigwira kumapeto kumodzi. Kugwedezeka kochepa kwa m'zala kukamafika kunsonga kumakhala kutakula. Komanso uta umene timalizira lero, womwe François Tourte anaukonza ku Paris cha m'ma 1780, unapangidwa dala kuti uzitha kudumpha: ndodo yake ndi yopindikira ku ubweya ndipo imafwamphuka. Mukaupatsa mpata udumpha basi, makamaka chapakati.

Yambani ndi utawo

Musanaimbe mlandu manja anu, onani mmene mwakungira ubweya. Munthu wa chinthenthe amakonda kumangitsa mopitirira sikuluwu ya kumapeto kwa uta yokungira ubweya, koma ubweya wokungika kwambiri umadumpha msanga. Pakati pa uta, mpata wa pakati pa ndodo ndi ubweya ukhale wongokwana pensulo, ndodoyo izionekabe yopindikira mkati. Ikawongoka, mwapitirira. Ubweyawu ndi wa kumchira kwa hatchi ndipo umamva nyengo: kukakhala chinyontho umatalika, kukauma umafupika. M'dzinja mudzaupeza utafewa, pamene m'kutentha kwa mu October utha kukungika wokha mwambo uli mkati. Choncho uoneninso mukatsala pang'ono kulowa.

Utomoni nawo musauiwale. Mawu a vayolini amatuluka chifukwa ubweya wopakidwa utomoni umagwira nsambo n'kuitaya, kuigwira n'kuitaya, maulendo 440 pa sekondi pa nsambo ya A yosapondedwa ndi chala. Utomoni ukachepa uta umaterereka, inu n'kuyamba kukanikiza ndi zala. Ukachuluka mawu amakanda m'makutu. Kupaka katatu kapena kanayi kuchoka kutsinde, kumene mumagwira uta, mpaka kunsonga n'kokwanira. Ndipo ubweya musaukhudze ndi zala za thukuta.

Chala chachikulu ndi kachala ka kumapeto

Zala ziwirizi ndi zimene zimayamba kuuma mantha akabwera. Chala chachikulu chikhale chopindika, chikukhudza ndodo ndi nsonga yake moyang'anana ndi chala chapakati. Chikangowongoka n'kuuma gwa, mfundo ya dzanja imauma, chigongono chimatsatira, ndipo kuyambira paphewa mpaka kunsonga ya uta palibenso pomeza manjenje. Onse amakathera pa nsambo. Kachala ka kumapeto nako kakhale kopindika, kataima ndi nsonga yake pamwamba pa ndodo.

Tengani pensulo muigwire monga mugwirira uta. Ifinyeni ndi mphamvu zonse kwa masekondi asanu, kenaka muzimasula pang'onopang'ono mpaka itatsala pang'ono kugwa. Kagwiridwe koyenera kali kufupi ndi kugwako kuposa mmene ambiri amaganizira. Izi mutha kuchita paliponse, ngakhale mu minibasi.

Kenaka pitani pa nsambo ya D yosapondedwa. Yendetsani uta wonse, ndipo mukamayandikira kunsonga kwezani kachala ka kumapeto m'mwamba. Uta suyenera kusintha mawu, pakuti kumeneko kachalaka kalibe ntchito yambiri. Mukamabwerera kutsinde bwezerani kachalako, mukweze chala chamkombaphala. Ngati uta ukuphonyoka kapena mawu akusweka, mwadziwa chala chimene chakhala chikugwira ntchito ya chinzake.

Siyani kunyamula mkono

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye tikhalepo pang'ono.

Ikani pakati pa uta pa nsambo ya D, osauyendetsa. Kwezani phewa lamanja mpaka kukhutu, dala, muwerenge mpaka katatu, kenaka lisiyeni ligwe lokha. Muona ndodo ikuyandikira ubweya, uta ukumira m'nsambo. Simunakanikize, mwangoleka kunyamula. Kumva kumeneku ndi kumene mukufuna kukhala nako pa noti iliyonse. Ngati simukukupeza, pemphani mnzanu akugwireni mkono kunsi kwa chigongono, inu muusiye wonse m'manja mwake. Akautaya mosakuchenjezani uyenera kugwa. Anthu ambiri ulendo woyamba mkono wawo umatsala lende m'malere, iwo ali otsimikiza kuti anaumasula.

Aliyense amene anasenzapo ndowa yodzaza madzi amadziwa kuti woumitsa khosi ndi maondo poopa kutaya ndi amene amafika kunyumba atanyowa, pamene wozolowera amayenda thupi lili lofewa, ndowa itakhazikika ndi kulemera kwake komwe. Uta nawo umakhazikika ndi kulemera, osati ndi kufinya.

Ivan Galamian, amene anaphunzitsa vayolini pa sukulu ya nyimbo ya Juilliard ku New York ndipo mwa ophunzira ake munali oimba vayolini otchuka Itzhak Perlman ndi Pinchas Zukerman, ankatsindika zinthu zitatu zopanga mawu: liwiro la uta, kulemera kwake pa nsambo, ndi malo amene uta ukudutsa pakati pa kamlatho konyamula nsambo ndi thabwa lakuda lopondapo zala. Zitatuzi zimayendera limodzi. Pafupi ndi kamlatho nsambo ndi yolimba, imafuna uta wolemera woyenda pang'onopang'ono. Pafupi ndi thabwa lakuda ndi yofewa, imafuna uta wopepuka koma wothamanga. Tsono mantha amasakaniza zosayenderana: uta umachedwa chifukwa mukuopa kuti utha noti isanathe, umapepuka chifukwa phewa lakwera, ndipo umatsetserekera ku thabwa lakuda. Uta wochedwa ndi wopepuka nthawi imodzi sugwira nsambo mokwanira, ndipo kanjenje kalikonse kamaudumphitsa.

Potuluka pali pawiri. Mutha kuwonjezera liwiro, kugwiritsa uta wambiri pa noti yomweyo. Kapena mutha kusendeza uta pang'ono chabe cha ku kamlatho n'kulola mkono umire. Ine ndimaona kuti njira yachiwiriyi ndi yodalirika kwa munthu wa manjenje, chifukwa nsambo yolimbayo imakankhana ndi uta ndipo dzanja limapeza potsamira. Koma yesani zonse pa noti imodzimodzi, khutu lanu lisankhe.

Palinso nkhani ya pamene wolemba nyimbo walamula kuti muziliza motsitsa. Kutsitsa kwa m'chipinda chanu chogona si kwa m'holo. Mawu ayenera kufika kwa munthu wokhala pabenchi yakumbuyo, choncho pagulu kwezani pang'ono kuposa mmene khutu lanu, lomwe lili pafupi ndi vayolini, likufunira. Ambiri amanjenjemera chifukwa akufunafuna kamawu kakang'ono kamene, akanakapeza, sikakanamveka n'komwe.

Onaninso chifukwa chake manjenje amakonda pakati pa uta wotsika, woyenda kuchoka kutsinde kupita kunsonga. Kutsinde uta ndi wolemera wokha, ndipo kachala ka kumapeto kamaupepuzako. Kunsonga ndi wopepuka, ndipo mumatembenuzira mkono pang'ono mkati kuti kulemera kupite pa chala chamkombaphala. Chapakati ndi pamene zala ziwirizi zimapatsirana ntchito, ndipo ndi pomweponso ndodo imafwamphuka kwambiri. Ngati china chasiya chinzake chisanalandire, pamakhala kamphindi kamene uta ulibe wouyang'anira. Choncho yesezani gawo lapakati lokha, kutsika ndi kukwera, pang'onopang'ono, mukumvetsera mmene kulemera kukusamukira kuchoka pa chala china kupita pa china mosadukiza. Mphindi ziwiri za zimenezi zimapindula kuposa kubwereza nyimbo yonse kasanu.

Mbali yamanzere musaione ngati ilibe mlandu. Mukaluma mano n'kupanikiza vayolini ndi chibwano, kapena kufinya khosi la vayolini ndi chala chachikulu chamanzere, dzanja lamanja nalo limauma, pakuti manja awiriwa amatengerana. Ndipo mutu wa vayolini ukaweramira pansi, uta umatsetserekera wokha ku thabwa lakuda. Nsambo zikhale zogona mofanana ndi pansi, mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa, maondo osauma.

Uta wautali tsiku ndi tsiku

Ikani metronome ya pafoni, kachipangizo kogunda mosasintha liwiro, pa 60, kutanthauza kugunda kumodzi pa sekondi. Pa nsambo yosapondedwa, yendetsani uta wonse kuchoka kutsinde kufika kunsonga pa kugunda kunayi, kubwerera kunayinso. Mawu akakhala osalala pitani pa 8, kenaka 12, 16 mpaka 20. Musakwere ngati mawu akudukabe. Palibe amene akukuthamangitsani. Chitani pa nsambo zonse zinayi, G, D, A ndi E, chifukwa iliyonse imafuna kutalika kwake kwa chigongono ndi kulemera kwake. E ndi yopyapyala, sipirira zimene G imapirira. Imani pa galasi kuti muone ngati uta ukuyenda molingana ndi kamlatho, osapendekera.

Muzipuma. Zikumveka zachibwana, koma dzioneni: pofika sekondi ya 10 mudzapeza mwagwira mpweya. Zikazolowereka, yambani motsitsa, kwezani pofika pakati, tsitsaninso pofika kunsonga, kenaka sinthanitsani. Mphindi zisanu kapena khumi patsiku n'zokwanira. Zimatopetsa, ndipo a m'nyumba sangakuyamikireni, koma phindu lake ndi ili: noti yaitali ya m'nyimbo zambiri siposa masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi. Ngati kunyumba mumakwanitsa 20, mantha atha kukulandani theka n'kukutsalirabe zokwanira.

Noti yoyamba

Noti imeneyi ikhale ndi mwambo wake, womwewomwewo nthawi zonse, kunyumba ndi pagulu. Mukamaliza kutchuna, ikani uta pa nsambo. Musautere kuchokera m'malere. Dzanja lonjenjemera silitera bwino. Ukhale kaye pamenepo. Tsitsani phewa, pindani chala chachikulu, mumve ubweya utagwira nsambo moti mutha kuigwedezera uku ndi uku osatulutsa mawu. Imbani mumtima mzere woyamba wa nyimboyo pa liwiro lake lenileni, chifukwa mtima wothamanga umanamiza munthu n'kumuyambitsa mwaphuma. Kokani mpweya, yambani kuutulutsa, ndipo uta uyambe kuyenda mpweya uli kutuluka kale. Zonsezi zimatenga masekondi osakwana khumi. Kwa inu adzaoneka ochuluka, koma omvera sazindikira.

Ngati noti yoyamba ndi yotsitsa, palibe lamulo loti muyambire kutsinde kwenikweni, kumene uta ndi wolemera ndipo mkono wapindika wonse. Yambirani patsogolo pang'ono. Kapena yambirani kumtunda ndi uta wokwera, ngati nyimbo ikulola ndipo simukuimba m'gulu limene mauta ayenera kuyendera pamodzi.

Yesezani mtima ukugunda

Ili ndi gawo limene ambiri amalidumpha. Munthu amayeseza miyezi itatu ali phee m'chipinda mwake, kenaka n'kudabwa kuti thupi la pagulu silikudziwa chochita. Manja anu ayenera kuphunzira kuliza adrenalini ali m'magazi, ndipo mutha kubweretsa zofanana nazo kunyumba konko.

Siyani vayolini patebulo. Thamangani pamalo amodzi kapena kwerani masitepe kwa mphindi imodzi, mpaka mukupuma wefuwefu. Nyamulani vayolini, chitani mwambo wa noti yoyamba uja, lizani mizere inayi yoyambirira kamodzi kokha. Osabwereza, ngakhale zitaipa bwanji, pakuti pagulu palibe kubwereza. Pumulani, muganizire chimene chinauma poyamba, n'kuchitanso. Mudzazindikira msanga kuti mtima wothamanga pawokha suwononga mawu ngati phewa lili pansi.

Kenaka onjezani maso a anthu pang'onopang'ono. Yambani ndi foni yojambula, yomwe yokha imatha kubweretsa chinthenthe chodabwitsa. Iikeni kutali, kumapeto kwa chipinda, kuti mumve zimene omvera amamva. Nthawi zambiri kunjenjemera kumene kwa inu kumamveka ngati chivomerezi kumeneko kumafika kochepa kwambiri. Pambuyo pake itanani a m'nyumba akhale pansi ndithu, inu mulowe, muwerame, muyambe. Kenaka anzanu a kwaya mapulakatisi akatha, kenaka kagulu kakang'ono ka mapemphero a mkati mwa sabata. Valani zovala zimene mudzavale tsikulo. Jekete yothina m'mapewa kapena nsapato zazitali zimasintha kaimidwe, ndipo si bwino kuzitulukira muli kale kutsogolo.

Chinanso chimene chimaoneka chachilendo: njenjemeretsani uta dala. Pakati pa noti yaitali umitsani chala chachikulu, kwezani phewa, ulekeni udumphe, kenaka ubwezereni m'malo osaimitsa mawu. Mukachita zimenezi kambirimbiri, manjenje amasanduka chinthu chimene mukudziwa potulukira pake, ndipo mantha owaopa, omwe nthawi zambiri ndi amene amawaitana, amachepa.

Tsiku lake

Idyani kanthu, chifukwa njala imawonjezera manjenje, koma musakhute kwambiri. Khofi, tiyi wakuda bii ndi zakumwa zopatsa mphamvu zisiyeni mpaka mutamaliza. Mowa wolimbitsa mtima ayi: umapha khutu ndi zala, ndipo ukakhala chizolowezi ndi vuto lalikulu kuposa limene mumathawa. M'mawa wozizira wa mu June kapena July tenthetsani manja m'madzi ofunda kapena m'khwapa, ndipo khalani ndi kansalu kopukutira thukuta. Mukapeza mpata, lowani m'holomo anthu asanabwere mulize mauta aatali angapo kuti mumve mmene chipindacho chikuyankhira. Podikira nthawi yanu, kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, muutulutse mukuwerenga mpaka 6 kapena 8. Kutulutsa kotalikako ndi kumene kumachepetsa kuthamanga kwa mtima.

Mudzamva anzanu akutchula mapiritsi a propranolol. Ndi mankhwala a mtima ndi kuthamanga kwa magazi amene amatchinga mphamvu ya adrenalini, ndipo oimba ambiri amawamwadi: pa kafukufuku wa mu 1987 pakati pa oimba oposa 2,000 a magulu akuluakulu a okesitala ku America, 27 mwa 100 alionse anati anamwapo mankhwala a mtundu umenewu. Koma si olandira kwa mnzanu pakhomo la holo. Kwa munthu wa mphumu atha kutseka chifuwa, ndipo kwa amene mtima wake umagunda mochedwa kapena magazi amayenda motsika ndi oopsa. Ndi nkhani ya dokotala. Dziwaninso kuti mankhwala ena opopera mphumu, monga salbutamol, amanjenjemeretsa manja paokha. Ndipo ngati manja amanjenjemera ngakhale muli nokha kunyumba, pogwira kapu kapena polemba, kaonaneni ndi achipatala, chifukwa matenda ena monga a chithokomiro amachititsa zimenezi.

Zikayamba muli pakati pa nyimbo

Tsiku lina zidzachitikabe, ngakhale mutakonzeka chotani. Musaime ndipo musakwinye nkhope. Tulutsani mpweya, pindani chala chachikulu, lolani chigongono chilemere, wonjezerani liwiro la uta. Ngati uta ukutha noti isanathe, sinthani mubwerere mofewa. Noti imodzi yolizidwa ndi mauta awiri imamveka bwino kuposa ya uta umodzi wodumphadumpha, ndipo oimba akuluakulu omwe amagawa manoti aatali motero. Ngati mumatha vibrato, kagwedezedwe ka chala chamanzere chopondera nsambo, kaikenipo pang'ono: kamamasula dzanja lamanzere komanso kamakwirira tizolakwika ta kumanja. Maganizo achotseni pa dzanja muwaike pa mawu, mukumvetsera noti imene ikubwera. Dzanja loyang'aniridwa kwambiri limaumiratu.

Zonsezi sizikumbukika nthawi imodzi mtima uli m'mwamba, ndiye sankhani chimodzi chimene chimakuthandizani msanga kunyumba. Tengani pensulo mulembe papepala la nyimbo, mzere umodzi malo ovutawo asanafike, liwu limodzi lokha monga "puma" kapena "phewa". Lembaninso pamene mungagawe uta ngati zitavuta, ndipo muyeseze nyimboyo m'njira zonse ziwiri, yogawa ndi yosagawa. Ngati pali woimba piyano kapena kiyibodi wokuperekezani, muuzeni malowo pa mapulakatisi, kuti mukadzathamangako pang'ono pa noti yaitaliyo adzakutsatireni.